Nyimbo ya pa Ulalo

Kale, ku Mtakataka, kunali mtsikana dzina lake Bernadeta. Bernadeta ankafuna kuona atate ake. Koma ankaopa.

Atate ake, a Laisoni, anadwala khate. Anthu anawathawa. Mbale yawo anaitaya kudzala. Ngakhale anzawo a kutchalitchi anasiya kuwapatsa moni. Choncho a Laisoni anapita ku Mua, kumudzi wa odwala.

"Atate ako alibe zala!" mnzake Misheck ankatero. "Akakugwira, zakonso zithothoka!"

Bernadeta ankayang'ana zala zake. Ankaopa.

Tsiku lina amayi anati, "Asisitere a ku Mua atumiza mawu. Mankhwala agwira ntchito. Atate sangatipatsirenso matenda. Tiye tikawaone."

Anayenda, anayenda. Anafika pamtsinje. Mtsinje unali utadzaza. Madzi anali ofiira. Ankakokoma kuti wooo!

Ulalo unali mtengo umodzi basi.

"Tsogola, mwanangu," anatero amayi. Kumsana anali atabereka khanda, Gabrieli.

Bernadeta anakwera. Anaponda. Anapondanso. Anafika pakati.

Anayang'ana pansi. Madzi! Anayang'ana kutsidya. Kunali munthu woonda, wa zala zazifupi. Anali atate.

Bernadeta anaima. Sanapondenso.

"Amayi, ndikuopa!"

"Usayang'ane pansi!" amayi anakuwa.

Amayi anaponda pamtengo. Mtengo unagwedezeka. Amayi anabwerera msanga.

Atate nawo sakanatha kukwera. Mapazi awo sankamva kanthu.

Bernadeta anayamba kulira. Mtengo unali woterera.

"Berna!" atate anaitana. Mawu anali omwe aja, a kale. "Inenso ndimaopa."

"Inunso, atate?"

"Tsiku lililonse. Ndikaopa, ndimauza Yesu. Lero ndimuuza moimba. Ndikapuma, iwe ponda."

Atate analibe nyimbo. Anali ndi pemphero lawo lokha. Analiimba.

"Yesu, ndikuopa."

Anapuma. Bernadeta anaponda.

"Madzi ndi ambiri."

Anapuma. Bernadeta anaponda.

"Onse andithawa."

Anapuma. Bernadeta anaponda.

"Inu simuthawa.
Muli pompano."

Bernadeta anaponda. Anapondanso. Anafika kumapeto a mtengo.

Koma panali matope. Gombe linali lalitali. Sakanatha kukwera yekha.

Atate anabisa manja kumbuyo.

"Gwira muzu uwo, mwanangu," anatero. "Usandigwire ngati ukuopa."

Bernadeta anayang'ana muzu. Unali kutali. Anayang'ana madzi. Kenako anayang'ana atate.

"Atate, dzanja."

Atate anatulutsa dzanja pang'onopang'ono. Bernadeta anatsinzina. Analigwira.

Linali lofunda. Linali lamphamvu. Linamukoka, hiii!

Bernadeta anaima pamtunda. Anatsegula maso. Zala zake zinalipo zonse.

"Nanga ine?" amayi anakuwa kutsidya. "A Laisoni, mwandiiwala? Ndiimbireni!"

Atate anaseka. Anaimbanso. Bernadeta anaimba nawo. Amayi anawoloka bwinobwino.

Odwala ena anamva nyimboyo. Anaiphunzira. Anaiimba popemphera. Kenako inafika kumidzi. Inafika ku Golomoti. Inafikanso ku Mtakataka. Anthu omwe anathawa a Laisoni anaiimba mokweza. Poimba, ankapuma pamzere uliwonse. Ankaponda kamodzi. Ambiri sankadziwa chifukwa chake.

Koma tsiku lija, onse anakhala pansi pa mtengo wa mango. Amayi anamasula Gabrieli kumsana.

"Nayu mwana wanu," anatero. "Simunamunyamulepo."

Atate anamulandira ndi manja awiri. Gabrieli anawayang'ana. Anawayang'anitsitsa. Kenako anawagwira ndevu. Anakoka!

"Mayo!" anatero atate. "Berna, ndithandize! Uyu ndiye saopa munthu!"

Bernadeta anaseka mpaka kugwa chagada.