Sopo wa Kumunda wa Mavwende

Banja la Bwezani Tembo ndi Jenala linayambira pa mulu wa mavwende, m'mphepete mwa msewu waukulu pa Chongwe. Jenala ankalima kwawo ku Bundabunda, Bwezani ankagulitsa. Mkazi anali ndi manja, mwamuna anali ndi pakamwa. Bwezani ankatha kugulitsa vwende kwa munthu amene wangoima kuti afunse njira, munthuyo n'kuchoka akuthokoza. Atakwatirana anapeza nyumba pa boma pomwepo, mwana wawo Trinity n'kubadwa, ndipo apamsika ankati banja ndiye limeneli. Koma pakamwa poyamikira ndi pomwenso pamatulukira miseche.

Chaka china kampani ya mbewu inamanga nyumba za ukonde kufupi ndi Silverest. Akatswiri ake anali atapeza njira yosinthira chibadwa cha vwende kuti lisamaole msanga paulendo, ndipo ankafuna kuilembetsa ku boma, atenge chimene amati patenti, kuti wina asadzaigwiritse ntchito popanda chilolezo chawo. Vuto la patenti n'lakuti njirayo ikamveka kunja usanailembetse, basi, yasanduka ya aliyense. Choncho wantchito aliyense ankalonjeza kutseka pakamwa, ngakhale kwa amene amagona naye nyumba imodzi.

M'nyumba za ukondezo njuchi sizinkaloledwa. Ntchito ya njuchi ankaigwira anthu, kutenga mungu pa duwa lina ndi kaburashi n'kukaupaka pa lina, m'mamawa maluwa akangotseguka. Jenala analembedwa ntchito imeneyi pansi pa katswiri wina, bambo wofatsa, ba Mwaanga. Ndipo kuti mungu wa mbewu zoyeserazo usatuluke pa tsitsi kapena pa zovala n'kukafika m'minda ya anthu, aliyense wolowa m'katimo ankayenera kusamba ndi kusintha zovala asanatuluke pa geti.

Ndiye Jenala ankakwera minibasi yoyamba atasamba kale kunyumba, n'kubwerera masana atasambanso, akununkhira sopo amene Bwezani sanagulepo.

Masiku oyamba Bwezani anaseka. Kenako anafunsa. Mkazi wake anati ndi lamulo la kuntchito, onse amasamba. Atafunsa chifukwa chake, Jenala anati sangachinene pakali pano. Ankamudziwa mwamuna wake: nkhani yomuuza m'mawa, pofika masana imakhala itakwera kale minibasi ya ku Lusaka.

Apa m'pamene nzeru za pamsika zinamupweteka Bwezani. Pa zaka zake zonse za malonda anaphunzira chinthu chimodzi, kuti wogulitsa akakana kukudulira vwende kuti uone m'kati, ndiye kuti laola. Lamulo limeneli silinamunamizepo pa mavwende, ndipo anaganiza kuti ligwiranso pa mkazi.

Hellen, wogulitsa tomato pambali pake, sananame ngakhale kamodzi. Anangofunsa tsiku lina, akupanga milu ya tomato wake, ngati kunyumba kwa ba Tembo madzi anavuta, poti amayi akukasambira ku Silverest. Apamsika anaseka. Bwezani anaseka nawo, koma tsiku limenelo anatukwana kasitomala koyamba m'moyo wake.

Nsanje ili ngati chiswe m'phaso. Denga limaoneka lilipo, eni nyumba n'kumagona mwamtendere, pomwe m'kati mwatsala fumbi lokhalokha.

Lamlungu lina atabwerako kutchalitchi, Bwezani anatseka chitseko.

"Amake Trinity, niuzeni chabe. Ni munda bwanji umene munthu achokamo wosamba? Ine nakulira mu munda. Ku munda munthu abwerako na dothi."

"Nakuuzani kudala, ni lamulo."

"Lamulo la ndani? La ba Mwaanga?"

"La kampani. Atate a Trinity, yembekezani mapepa alowe ku boma, nizakuuzani vonse mpaka mutope."

"Mkazi wa munthu asamba pa nyumba ya mwamuna wake. Uja sopo akugulirani ndani?"

"Nikakuuzani lelo, mailo Chongwe yonse izaziba, nchito yanga yasila. Pakamwa panu mupaziba mweka."

Mawu omalizawa anamulasa kuposa ena onse, chifukwa anali oona. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kudya chophika mkazi wake. Jenala anapempha kuti aitane ankhoswe, iye anakana, ati sangaitane akulu kudzakambirana za sopo. Manyazi anamuletsa kufunsa anthu, koma sanamuletse kuganiza.

M'mawa wina sanatsegule malonda. Anakwera minibasi yotsatira imene anakwera Jenala, n'kukabisala m'nyumba yosamaliza kumanga moyang'anana ndi geti la kampani. Dzuwa linamuwotcha pamenepo mpaka masana. Antchito ena anatuluka, sanawayang'ane n'komwe, poti maso a wansanje amaona munthu mmodzi. Kenako anaona Jenala akutuluka m'kanyumba kosambiramo ka kumapeto, akupukuta kumutu ndi chitenje. Posakhalitsa ba Mwaanga anatuluka m'kanyumba komweko akumanga mabatani a malaya. Zitseko zinali ziwiri, cha amuna ndi cha akazi, koma pamene anaima Bwezani chinkaoneka chimodzi. Awiriwo ankaseka. Maluwa amene anapaka mungu sabata yapitayo anali atagwira zipatso.

Bwezani anatola chitsulo chimene omanga nyumba anasiya pansi. Atafika pa geti, Jenala anamuona n'kuima chilili. Ba Mwaanga, atamva kuti ameneyu ndi mwamuna wa wantchito wawo, anatambasula dzanja.

"Ndimwe ba Tembo? Muli bwanji, tate?"

Dzanjalo silinalandiridwe. Chitsulo chinatera pamutu, ndipo ba Mwaanga anagwera pa geti pomwepo. Anatsirizika m'galimoto asanafike kuchipatala ku Lusaka. Anasiya mkazi ndi ana aang'ono amene sanamvepo ngakhale dzina la Bwezani.

Mlandu unazengedwa ku khoti lalikulu ku Lusaka. Pofika nthawiyo kampani inali italembetsa kale njira yake, chinsinsi chinali chitatha ntchito. Jenala anaima ngati mboni, ataonda, n'kufotokoza zonse: za njuchi, za kaburashi, za mungu wosayenera kutuluka. Zimene anakana kunena kuchipinda anazinena pamaso pa khamu. Mlonda wa pa geti, nkhalamba ya imvi, anachitira umboni kuti ngakhale iye akatumidwa m'kati amasamba, ndi sopo yemweyo, ndipo ba Tembo akanamufunsa akanawauza zimenezo. Loya wa Bwezani anayesa kunena kuti munthu wake anaputidwa. Woweruza anayankha kuti sanamvepo lamulo lakuti kusamba ndi kuputa munthu, n'kugamula kuti Bwezani akhale m'ndende moyo wake wonse.

Jenala anatenga Trinity n'kubwerera ku Bundabunda. Kundende sanapondeko.

Akuti m'selo mwake Bwezani akadali wolankhula. Mkaidi watsopano akangofika, amamukhazika pansi n'kumufotokozera nkhani yonse kuyambira pachiyambi, kenako n'kumufunsa ngati iye sakanakayikira. Ambiri amagwedeza mutu, ati akanakayikira ndithu, mwina akanachita zoposa. Bwezani amagona usiku umenewo mtima uli m'malo pang'ono. Ndipo apa m'pamene pali tsoka lathu: munthu akapsa mtima safuna womuuza zoona, amafuna womuvomereza, ndipo ovomereza sasowa. Ku msika aliko, ku ndende ndiye adzaza mpaka pakhomo.