Mtsikana Wina Pano

Nyerere anali ndi bodza limodzi lokha pasukulu yonse, ndipo ankalisamala ngati dzira. Anzake a folomu yachitatu ankadziwa kuti bambo ake amayendetsa thiraki ya maulendo ataliatali, n'chifukwa chake sankaoneka pa misonkhano ya makolo. Zoona zake zinali zakuti bamboyo anali kundende, atavulaza munthu pa ndewu ya kumowa. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, choncho ankakhala kwa azakhali ake, komwe ankayala bulangete lake m'khitchini pafupi ndi ndowa za madzi.

Dzina loti Nyerere anamupatsa ndi aphunzitsi a masamu poona kuchepa kwake ndi khama lake. Pa masamu panalibe womuyandikira. Teremu ikamatha, ahedi ankamuitana kutsogolo, sukulu yonse n'kumuombera m'manja.

Loweruka lililonse pasukulupo pankabwera amayi a kalabu. Onse anaphunzira pa koleji imodzi ya atsikana okhaokha, ena kalekale, ena chaposachedwa, ndipo ankamanga timipango tobiriwira m'khosi kuti munthu asawasokoneze ndi anthu wamba. Munali madokotala, maloya, aphunzitsi, a kubanki. Ankaphunzitsa atsikana kulankhula pagulu, kusankha ntchito, ndi kulowa m'chipinda cha mayeso mawondo osaombana. Mayi aliyense ankatenga mtsikana mmodzi kuti akhale mng'ono wake kwa chaka chathunthu, ndipo anali ndi lamulo limene ankalinyadira kuposa timipango tija: mng'ono akakuuza za kukhosi, dzina lake sulitchula pagulu.

Nyerere anagwera m'manja mwa Aloya, mayi wamtali wa pakamwa pokoma, amene akayamba kulankhula ngakhale wachifuwa ankayamba wadikira kaye. Ankamukonda mtsikanayo, pamenepo tisawanamizire. Ankamubweretsera mabuku, n'kumakhala naye pa desiki yothinana, siketi yawo yodula ikutola fumbi la choko.

Loweruka lina mvula inawatsekereza awiriwiri m'kalasi.

"Bambo ako abwera liti?" anafunsa Aloya. "Ndikufuna ndiwauze ndekha kuti anabereka mwana wa mutu."

Nyerere anatsegula pakamwa kuti anene za thiraki, koma m'malo mwa mawu munatuluka kulira. Anaulula zonse: ndende, khitchini, ndi mmene azakhali ake ankazimitsira magetsi iye asanamalize kuwerenga. Atamaliza anamva kupepuka m'chifuwa koyamba chimangidwire bambo ake.

"Anti, chonde musauze munthu," anatero akupukuta mphuno.

"Mng'ono wanga, ntchito yanga ndi kusunga zinsinsi za anthu. Dzina lako silidzatuluka pakamwa panga."

Kumapeto kwa chaka kalabu inkakonza phwando la tiyi mu holo ya sukulu. Ankaitana amuna awo, mabwana a makampani ndi makolo ena, kuti aone ntchito ya kalabu ndi kuithandiza. Kutsogolo kunali matebulo oyalidwa nsalu zoyera ndi makapu a maluwa. Atsikana anakhala kumbuyo pa mabenchi, aliyense ndi kapu ya pulasitiki ndi bisiketi. Nyerere anakhala ndi mnzake wa pamtima, Wailesi, amene sankatha kusunga nkhani m'mimba, koma zake zonse ankayamba kuuza Nyerere.

Apampando a kalabu ataitana Aloya kuti alankhule, holo inati zii.

"Alendo olemekezeka," anayamba Aloya, "simungadziwe chimene ana awa amasenza pansi pa yunifolomu. Pali mtsikana wina pano. Dzina sinditchula, ife sititchula maina. Bambo ake ali kundende. Amagona m'khitchini mwa azakhali ake, pambali pa ndowa. Koma mwana ameneyo, amayi ndi abambo, pa masamu palibe womuposa sukulu yonse ino."

Kutsogolo anthu anaomba m'manja. Mayi wina anatulutsa mpango n'kupukuta misozi mosamala kuti isawononge zodzola. Kwa alendowo, mtsikanayo anali nkhope imodzi mwa nkhope zambirimbiri zofanana. Koma kumbuyo kunalibe woomba m'manja. Mitu inatembenuka benchi ndi benchi mpaka maso onse anagwera pa Nyerere, amene anali atagwira kapu yake ndi manja awiri, tiyi akutayikira pa siketi. Analakalaka pansi patang'ambika.

Apampando anakumbatira Aloya. "Mwamva nokha," anauza alendo. "Ndipo mwaona ulemu wake, dzina silinatchulidwe."

Lolemba linafika ngakhale Nyerere anapemphera kuti lisafike. Pa bolodi wina anali atajambula thiraki ya mawindo a zitsulo, kamunthu kakusuzumira mkati. Mnyamata wina anamufunsa mwaulemu wabodza ngati adalaivala akuyenda bwino. Zimenezo akanazipirira. Chimene chinamulasa chinali chakuti Wailesi anali atasamukira pa desiki ina.

"Za ndendezo ine ndilibe nazo vuto," anatero Wailesi pa nthawi yopuma, osamuyang'ana. "Koma ine ndinakuuza za mayi anga zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Iwe unkandiuza za matauni amene bambo ako adutsa. Unkandiona ngati chitsiru eti?"

Mnzakeyo sankanama.

Kunyumba nako nkhani inali itafika kale. Kholo lina limene linali ku phwandoko linkagwira ntchito limodzi ndi azakhali ake.

"Ndiye ndine mfiti yogoneka mwana m'khitchini?" anatero azakhali, mawu ali pansipansi. "Abale onse atakukana ndinakutenga ndine. Malipiro ake ndi amenewa, kukandiyalutsa kwa anthu a magalimoto. Akupatse chipinda amayi akowo."

Kuyambira tsiku limenelo ankangomuikira chakudya patebulo osamulankhula.

Nyerere anaganiza mozama, ndipo maganizo a munthu wopwetekedwa sawongoka. Anaona kuti chimene chinamuulula si ndende kapena khitchini, koma masamu. Akanakhala wa pakatikati, wosaitanidwa kutsogolo, bwenzi palibe amene akanamuloza. Anasiya kukweza mkono m'kalasi. Pa mayeso otsatira analemba dzina pamwamba pa pepala, n'kupinda manja mpaka belu linalira.

Aphunzitsi a masamu ndiwo anaimbira foni Aloya. Loweruka lotsatira mayiwo anamupeza Nyerere ali yekha m'kalasi. Anali atadabwa kale panjira, chifukwa atsikana onse a kalabu tsiku limenelo ankangoyankha akulu awo kuti, "Tili bwino, Anti," basi.

"Mng'ono wanga, ndamva za mayeso. Chachitika n'chiyani?"

"Palibe, Anti."

"Usandibisire. Wakulakwira ndani?"

Nyerere anawayang'ana, ndipo anazindikira kuti mayiwo sakudziwadi. Chimenecho chinamupweteka kuposa chithunzi cha pa bolodi.

"Munandilonjeza kuti simuuza munthu."

"Koma dzina lako sindinatchule," anatero Aloya mofulumira, ngati akuyankha woweruza. "Unamva wekha. Ndinasamala kwambiri."

"Munalibisa kwa alendo anu, amene sandidziwa n'komwe. Nanga kwa anthu amene ndimakhala nawo pa benchi? Pasukulu pano oposa onse pa masamu alipo angati, Anti?"

Aloya, mayi amene sankasowa mawu kukhoti, anakhala pansi pang'onopang'ono. Nyerere anawauza za thiraki ya pa bolodi, za Wailesi, ndi za azakhali ake, mosalira, ngati akunena za munthu wina.

"Ndinkafuna anthu akuone mmene ine ndimakuonera," anatero Aloya. "Ndinkakunyadira."

"Anakuomberani m'manja kwambiri."

Mawuwo anawalowa.

"Ndalakwa," anatero Aloya. "Ndinatenga chinthu chako n'kukachigawa ngati changa. Azakhali ako ndikawapepesa ndekha. Ndipo mlandu wa bambo ako undilole ndikauone, mwina pali chimene ndingachite kuti atuluke msanga."

Kwa nthawi yaitali Nyerere ankalota munthu atanena mawu amenewo, ndipo mwezi wapitawo akanawagwadira mayiwa. Anatola chikwama chake n'kuima pakhomo.

"Bambo anga akatuluka," anafunsa, "nkhaniyo mudzakainena pa tiyi wa chaka chamawa?"

"Ayi, mwana wanga. Ndikulonjeza."

"Ulendo uja munalonjezanso, Anti."

Anatuluka n'kutseka chitseko bwinobwino. Aloya anatsala okha m'kalasi, ndipo kunja amayi a kalabu ankaitana ang'ono awo kuti abwere adzajambulitse.