Chilombo cha Mbale Pamutu

Pakhomo pa a Sulaiman panalibe chuma choti munthu n'kuchitira nsanje, koma mwana wa pamenepo sankagona ndi njala ndiponso sankayenda ndi malaya ong'ambika. A Sulaiman anali telala. Makina awo ankakhala pa khonde la sitolo ya nsalu ya a Farouk, kufupi ndi Msika wa Lilongwe, ndipo aliyense wodutsa ankawadziwa chifukwa cha mzuli wawo woyera ndi nthabwala zawo. Pansi pa mzuliwo panali dazi lalikulu, losalala, lozunguliridwa ndi katsitsi kochepa m'mbali. Akazi awo, a Rukaiya, ankati dazilo ndi limene linawakopa, poti mwamuna wotere sawononga sopo.

Mwana wawo wamwamuna anali mmodzi, Zubair, amene anali atangolemba mayeso a Fomu 4. Mulungu anam'patsa manja mnyamatayu. Ankajambula, ankasoka, chilichonse chimene wachiona kamodzi ankatha kuchipanga. Vuto lake linali limodzi, koma lalikulu: ankakonda kutamidwa kuposa kugwira ntchito. Kupinda mpendero wa siketi pa khonde kunali kum'tayitsa nthawi, chifukwa palibe amene amaombera m'manja munthu wopinda mpendero.

Ali Fomu 3, pasukulu pawo panabwera mphunzitsi wamkazi wochokera ku Japan kudzathandiza kuphunzitsa masamu. Ana akatopa ndi manambala, mayiyo ankawasimbira nthano za kwawo. Anawauza za nkhandwe imene imasanduka mkazi wokongola, za ambulera yakale ya diso limodzi imene imadumphadumpha ndi mwendo umodzi, za chimunthu cha mphuno yaitali chokhala m'mapiri. Masamuwo Zubair anaiwala, koma nthano imodzi inam'kanirira m'mutu. Inali ya kappa.

Kappa, monga anasimbira mphunzitsiyo, ndi chilombo cha m'madzi, chachifupi ngati mwana, chobiriwira, chokhala ndi chigoba kumsana ndi mlomo wonga wa mbalame. Chimakonda nkhaka ndipo chimakokera anthu m'dziwe. Pamutu pake pali kadzenje konga mbale, kodzaza madzi, ndipo mphamvu zake zonse zili m'madziwo. Ukakumana nacho, ungowerama mwaulemu. Nachonso chimawerama pobwezera ulemuwo, madzi aja n'kutayika, basi mphamvu zathera pomwepo. Makolo a kumeneko ankaisimba nthanoyi pofuna kuti ana asamasewere m'madzi akuya.

Tsiku lina Zubair anajambula kappa pa katoni, ndipo mutu wake anatengera dazi la bambo ake, katsitsi ka m'mbali konse osasiya. A Sulaiman anaseka mpaka misozi.

"Ndiye ukuti ukachipatsa ulemu chimabweza? Chilombo chakochi chili ndi mwambo kuposa anyamata ambiri a m'tauni muno," anatero. "Koma pano siya kujambula mutu wanga, bwera udzandigwirire nsalu."

Chithunzicho chinafika m'maso mwa Lemson, mnyamata wokhalira kuyendayenda pa timilatho ta matabwa todutsa mtsinje wa Lilongwe. Lemson ankati amagulitsa nsapato za kaunjika, koma palibe anamuonapo akuoda katundu.

"Aise, luso ngati ili ukulitayira pa khonde?" anatero Lemson. "Tasoka chinthuchi uchivale. Chitatulukira m'bango muja m'mamawa, azimayi ochapa kaunjika aja akhoza kuthamanga ngati agwape. Ine ndijambula pa foni. Mawa lake tauni yonse ikamba za iwe."

"Ababa akamva andimaliza."

"Amva bwanji? Chilombo chimakhala ndi bambo?"

Mawu akuti tauni yonse anam'lowa Zubair mpaka m'mafupa. Masiku amenewo bambo ake anali ndi oda ya mayunifolomu obiriwira a sukulu ina ya tsidya la mtsinje. Zubair anadulako nsaluyo mwakuba. Anatenga beseni lakale kukhala chigoba, anaumba mlomo ndi siponji, n'kubanso mbale yachitsulo ya mayi ake n'kuisokerera pamutu pa chigoba cha nkhope chimene anapanga. Ntchito imene inam'kanika pa khonde anaigwira mwakhama kuseri kwa nyumba.

"Nsalu iyi yaperewera," anatero a Sulaiman akuyeza ndi tepi. "Zubair, ukudziwapo kanthu?"

"Ayi, ababa. Mwina kusitolo anadula molakwika."

A Sulaiman anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anapinda tepi yawo.

Kutangocha, azimayi ali kalikiliki kuchapa majinzi ndi nsapato pa miyala, bango linagwedezeka. Chinthu chobiriwira chinavuuka, madzi akuchucha pamutu, nkhaka ili kumanja. Mfuu imene inamveka pamenepo inafika mpaka kumsika. Azimayi anathawa osayang'ana m'mbuyo, wina chitenje anachisiya pa mwala. Zubair m'kati mwa chigoba chake anamva kukoma kumene sanakumvepo chibadwire.

Atakumana kuseri kwa zigayo, anapeza Lemson ali ndi thumba lodzaza.

"Izi ndi chiyani?"

"Zosiyidwa, aise. Eni ake azitaya okha. Tayesa izi, saizi yako."

Zinali nsapato zoyera, zokongola. Zubair anadziwa bwino lomwe kuti uku ndi kuba. Anazivala.

Kanema uja anayenda m'mafoni ngati moto wa tchire. Ena ankati ndi ng'ona yokhwimira, ena ankati ndi ndondocha ya wamalonda wina. Izi zinam'pweteka Zubair, kuti chilombo chake anthu akuchitcha maina olakwika. Anatenga foni, anasintha mawu kukhala ngati a mkulu, n'kujambula uthenga. Anafotokoza za kappa, za mbale, za madzi. Kenako, poona kuti nkhani ikukoma, anathirako mchere wakewake umene mphunzitsi uja sananene: akuti masana chilombochi chimasanduka munthu, chimayenda mumsika chitavala chipewa pobisa madzi a pamutu.

Uthengawo a Rukaiya anaumva ali pa mzere wogula tomato. Mayi sasokonezeka ndi mawu a mwana wake, ngakhale mwanayo atalankhulira m'chidebe.

"Zubair, mbale yanga yachitsulo ili kuti?" anafunsa atafika kunyumba. "Nanga nsapato izo wazitenga kuti?"

"Anandibwereka mnzanga, amama."

"Mwanawe, mantha a anthu si choseweretsa. Waiwala za anamapopa? Anthu anafa chifukwa cha mphekesera, anthu osalakwa. Munthu wamantha safunsa dzina."

Madzulo ake a Sulaiman anam'khazika pansi. "Ndikufunsa kamodzi kokha, ndipo Mulungu akumva. Za kumtsinjezi ukuzidziwa?"

Khomo linali lotsegula pamenepo. Akanangoti inde, akanakalipiridwa, mwina n'kukabweza nsapato mwamanyazi, nkhani n'kutha. Koma Zubair anayang'ana bambo ake m'maso n'kunena kuti, "Sindikudziwa chilichonse."

"Chabwino," anatero a Sulaiman. "Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndatsina."

Zubair anavuukanso kachiwiri m'bango muja, Lemson n'kudzazanso thumba. Ulendo wachitatu zinthu zinaipa. Mayi Chikaonda, mayi wamasiye amene ankalera ana ake ndi ntchito yochapa kaunjika wa anthu, anaterereka pothawa n'kuthyoka mwendo pa miyala. Amuna ena anathamangira kumtsinje ndi zibonga. Zubair anapulumukira m'ngalande, koma kansalu kobiriwira kanatsala katakodwa m'bango. Tsopano mantha a anthu anasanduka mkwiyo. Anyamata a pa mlatho anayamba kuimitsa mwamuna aliyense wovala chipewa kuti avule aone pamutu.

Zubair anapinda chilombo chake n'kuchiponya m'thumba pansi pa bedi. Anaganiza kuti akakhala chete zitha zokha.

Lachisanu linafika, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. A Sulaiman anali atagula nsalu ina n'kumaliza mayunifolomu aja, ndipo anauza Zubair kuti akawatule tsidya lija. Zubair, poopa mtsinje, anati mutu ukumupweteka ndipo anapita kukagona. Bambo ake sanalimbane naye. Anapita pa mpopi wa kuseri kwa sitolo kukadziyeretsa pokonzekera swala, pemphero la kumzikiti, monga mwa nthawi zonse. Anasamba m'manja, kumaso ndi mikono, anapaka madzi pamutu, anatsuka mapazi. Anavala mzuli wawo, ananyamula mtolo, n'kunena kuti akangotula abwerera kumzikiti.

Foni ya Zubair inalira ali chigonere. Anali Lemson, akupuma mwawefuwefu.

"Aise, zavuta. Agwira madala ako pa mlatho. Awavula mzuli, apeza dazi lonyowa ngati la pa chithunzi chija, mtolo atamasula muli nsalu yomwe ija. Akuwamenya. Ine ndalowera kwathu, usanditchule."

Foni inaduka. Zubair anaimirira. Akanatha kuthamangira kupolisi n'kunamizira kuti sakudziwa kanthu, koma anadziwa kuti khamu lokwiya silibwezedwa ndi mawu akuti munthuyu ndi wabwino. Linkafuna chilombo, ndipo chilombocho chinali pansi pa bedi lake. Anasolola thumba lija n'kuliyatsa liwiro, mayi ake akumuitana m'mbuyo.

Pa mlatho panali anthu osawerengeka. Pakati pawo a Sulaiman anali pansi, mkanjo uli magazi okhaokha, atatchinga mutu ndi dzanja lamanja. Zibonga zinkagwera pa dzanjalo. A Farouk ankakuwa kuti, "Ameneyu ndi telala wanga! Madziwo ndi a swala!" koma mawu awo ankamira m'phokoso. Ambiri mwa anthuwo ankawadziwa a Sulaiman, ena malaya amene anavala anasokedwa ndi dzanja lomwelo. Tsiku limenelo palibe anakumbukira.

"Asiyeni! Ndine! Ndine!" Zubair anakuwa mpaka mawu kusasa. Palibe anatembenuka.

Pamenepo anamasula thumba. Anavala chigoba cha nkhope chija, mbale ili pamutu, anakoleka nsalu yobiriwira paphewa, n'kukwera pa mlatho pamene aliyense akanamuona. Mayi wina anakuwa akuloza. Zibonga zinaima m'malere. Khamu lonse linabwerera m'mbuyo, ndipo panagwa bata loti munthu n'kumva madzi akuyenda pansi pa matabwa.

Zubair anagwada. Anawerama mpaka chipumi kugunda thabwa. Ulusi umene unagwira mbale unaduka, mbale ija inagwa n'kugubuduzika, ngwee ngwee ngwee, mpaka kukaima pa mapazi a anthu. Inali mbale wamba yodyera, yokhala ndi duwa lofiira pakati. Anavula chigobacho.

"Ndine Zubair, mwana wa bambo mukuwamenyawo. Chilombo kulibe. Ndinasoka ndekha ndi nsalu imene ndinawabera. Uthenga uja ndinajambula ndine, ndipo ndi bodza. Mayi Chikaonda ndawapweteka ndine. Ngati mukufuna womenya, ndili pano."

Mwala woyamba unam'peza pa phewa, wachiwiri unam'ng'amba pa nsidze. Sanathawe. Chimene chinam'pulumutsa ndi amuna amene ankapita kumzikiti, omwe anam'zungulira iye ndi bambo ake atagwirana manja mpaka galimoto ya apolisi inafika.

A Sulaiman anakhala moyo, koma madokotala anati mafupa a dzanja lamanja aphwanyika moti zala sizidzapindikanso. Munthu amene ankalowetsa ulusi m'singano osayang'ana tsopano ankalephera kumanga batani la malaya ake. Lemson sanaonekenso. Zubair anavomera mlandu wonse m'khoti ndipo anakagwira ukaidi. Zotsatira za mayeso zinatuluka iye ali m'ndende, ndipo anali atakhoza bwino.

Atatuluka anapita kaye kwa mayi Chikaonda, amene tsopano ankayenda motsimphina, n'kukagwada pakhomo pawo kupepesa. Mayiwo anamuyang'ana n'kunena kuti, "Ndamva. Koma mwendo wanga sunamve." Kuchoka apo anapita pa khonde la a Farouk. Makina anali pomwe paja, ataphimbidwa ndi chitenje. Bambo ake anakhala pambali pake pa mpando, dzanja lili pa mwendo.

"Ababa, ndikhululukireni."

"Ndinakukhululukira tsiku lomwe lija pa mlatho, pamene unawerama," anatero a Sulaiman. "Koma ukanawerama m'nyumba muja nditakufunsa, bwenzi dzanja ili lilipo. Vundukula makinawo. Pali siketi yofunika kupinda mpendero."

Zubair anavundukula makina n'kukhala pansi. Mpaka lero ali pomwepo, ndi chipsera chake pa nsidze, ndipo ndi amene akudyetsa banja lonse. Amasoka bwino kuposa telala aliyense pa msewu umenewo, koma anthu akamutama sadzutsa mutu. M'mawa uliwonse, asanayambe ntchito, amayamba wamanga mabatani a malaya a bambo ake.

Inu achinyamata, imvani. Makolo a ku Japan anapeka chilombo kuti ateteze ana awo ku madzi, koma Zubair anachitenga n'kuchisandutsa chida cha bodza, cha kuba ndi chofunira kutchuka. Musasewere ndi mantha a anthu, ndipo kholo likakufunsani zoona, yankhani zoona nthawi ikadalipo. Bodza mukalitulutsa silifunsa kwa inu kuti likagwere ndani. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, ndipo kulapa kwa Zubair, ngakhale kunali koona, sikunabweze dzanja la bambo ake.