Ndani Anafufuta Masitepe?

Mwana asakhudze pepala la munthu wamkulu popanda kupempha. Mzime ankalidziwa lamulo limeneli. Koma tsiku lina analiphwanya.

Bambo ake anali mmisiri wojambula mapulani a nyumba. Mpingo unawapempha kujambula tchalitchi chatsopano. Bambo anajambula makoma. Anajambula mawindo. Anajambula denga lalitali. Pakhomo anajambula masitepe asanu.

Mzime anaona masitepe aja. Mtima unamuwawa. Amalume ake ankayenda pa njinga ya olumala. Njinga siikwera masitepe. Kutchalitchi chakale, amalume ankapemphera ali panja, pawindo. Mvula ikagwa, ankanyowa.

Bambo atatuluka, Mzime anatenga chofufutira. Anafufuta sitepe loyamba. Anafufuta lachiwiri. Anafufuta onse asanu. Kenako anapinda pepala lija. Sanauze munthu.

Lamulungu, mapemphero atatha, Bambo anatambasula pepala pamaso pa mpingo.

"Pansi tidzakweza, kuti madzi a mvula asalowe," anatero Bambo.

Mkulu wa mpingo anavala magalasi ake. Anayang'anitsitsa.

"Amisiri, khomo lili m'mwamba, masitepe palibe. Kodi tizidzalowa chouluka?"

Anthu anaseka. Bambo sanaseke.

"Ndinajambula masitepe asanu," anatero Bambo.

"Nanga ali kuti?"

Bambo anayang'ana pepala. Anayang'ananso.

"Woiwala masitepe angaiwalenso denga," anatero mkulu uja. "Ntchitoyi tipatse mmisiri wina."

Mzime anachita mantha. Akakhala chete, Bambo ataya ntchito. Akalankhula, anthu onse adziwa.

Mzime anaimirira.

"Bambo sanaiwale. Ndinafufuta ndine."

Anthu onse anamuyang'ana.

"Chifukwa chiyani, mwanawe?" anafunsa Abusa.

Mzime analoza pawindo. Onse anatembenuka. Anaona amalume ali panja, padzuwa. Mkulu wa mpingo anavula magalasi. Anawerama.

Bambo anatenga pensulo. Anajambulanso masitepe asanu. Pambali pake anajambula njira yotsetsereka. Njirayo inafika pakhomo penipeni.

"Alamu, iyi ndi yanu," anatero Bambo.

"Zikomo, alamu," anayankha amalume ali pawindo. "Abusa, mundisungire malo kutsogolo. Ndatopa kumva ulaliki wa theka."

Anthu anaseka. Tsopano Bambo anaseka nawo.

"Ntchito ndi yanu, amisiri," anatero mkulu wa mpingo.

Koma Abusa anali asanamalize.

"Mwanawe, unaona chimene akulu sitinachione. Koma unachita mobisa. Bambo ako achita manyazi chifukwa cha iwe. Ukuti bwanji?"

Mzime anapita kutsogolo. Mawu ake anali aang'ono, koma onse anamva.

"Ndinalakwa. Ndinakhudza pepala osapempha. Ndinakhala chete pamene anthu amaseka Bambo. Ndikanayenera kuwauza pakamwa. Bambo, ndikhululukireni. Mpingo wonse, ndikhululukireni."

Bambo anamugwira dzanja. Sanalitaye mpaka kunyumba.