Malo Ndi a Wogonapo

Teodosia Huarcaya anatsika basi pomwe phula limathera, dzuwa litalowa kale. Kuchokera pamenepo panali masitepe. Anthu a m'munsi anawapaka utoto wachikasu masitepewo, ngati kuti utoto umafupikitsa phiri. Masitepe akatha pamayamba njira ya miyala, njira ikatha pamayamba mchenga, ndipo mchenga ukatha ndiye wafika kwa Teodosia.

Tsiku lonse anali akuchapa ndi kusita m'nyumba ya anthu olemera kumunsi, mumzinda wa Lima, kumene ngakhale udzu umamwa madzi a m'paipi. Manja anali atatupa. Chifunga cha mwezi wa Ogasiti chinali chitakuta phiri lonse, chija chosagwetsa mvula koma chonyowetsa munthu mpaka m'mafupa.

Phiri limenelo analowapo usiku umodzi, miyezi ingapo m'mbuyomo, mabanja ambirimbiri, aliyense mphasa zomangira kanyumba pamutu ndi kambendera m'manja. Mzinda uja umakula choncho. Ofika kale anatenga chigwa, ana awo anatenga m'munsi mwa mapiri, ndipo ochedwa ngati Teodosia anangopeza pamwamba penipeni. Kuseri kwake kunali manda a amphawi. Nyumba zinkakwera kuno, manda ankakwera uko, ndipo panalibe amene ankafuna kunena kuti zidzakumana pati.

Lamulo la komiti yoyang'anira malo paphiripo linali limodzi: malo ndi a wogonapo. Usiku alonda ankayenda ndi tochi ndi wezulo, kugogoda khomo ndi khomo. Ukapanda kuyankha kangapo, ankazula mphasa zako n'kupereka malowo kwa wina, poti ofuna malo anali ambiri kuposa miyala ya m'phirimo. Lamulolo linali labwino, tisaname. Linkathamangitsa akathyali amene ali kale ndi nyumba kumunsi koma akufuna kugwira malo oti adzagulitse. Vuto lake n'lakuti lamulo silidziwa kuti munthu watopa.

Teodosia ankapirira chifukwa cha Nélida, mwana wake wamkazi, amene ankagona pansi pa tebulo m'chipinda cha mng'ono wake kumunsi. Anamulonjeza kuti mphasa zikadzasanduka matabwa adzamutenga, adzakhale ndi khomo lakelake loti azitseka.

Pogawana malo, Teodosia anaona ngati wachita mwayi. Pa phiri sumanga usanasalaze, ndipo dothi losalazalo limafuna khoma la miyala loligwira. Anzake ankatuta miyala kutali, iye anapeza mulu wokonzeka pakati pa malo ake, miyala yosankhidwa bwino, yosanjikizidwa ngati wina anamusungira. Anathokoza Mulungu, naiphwasula, namanga khoma lake tsiku limodzi.

Madzulo aja, atatsika basi n'kukwera phiri lonse, anapeza Brígida, mnansi wake wogulitsa buledi ndi mazira pa kawindo, akutseka.

"Aneba, mapazi mwabwera nawo kapena mwawasiya pa masitepe?"

"Ndawasiya. Mukawaona mawa mundisungire."

Brígida anaseka, kenaka anadandaula kuti galimoto ya madzi yabwerera panjira ngati dzulo, woyendetsa akuti matayala ake si mbuzi. Anamupungulira kajagi ka madzi kuchokera mu mgolo wake, namupatsanso buledi wotsala.

Teodosia anayatsa kandulo, nawiritsa tiyi pa sitovu ya palafini. Anadya mbatatesi zozizira ali chiimire, chifukwa ankadziwa kuti akangokhala pansi sadzukanso. Kenaka anagona ndi juzi yomwe, nsapato zili kumapazi.

Chinamudzutsa ndi kugogoda.

"Ndilipo," anayankha maso ali chitsekere, monga mwa masiku onse.

Wezulo sanalire. Tochi sinawale pa mphasa. Anamvetsera. Agalu a phiri lija sagona, amauwa ngakhale pepala louluka, koma usiku umenewo onse anali chete. Kugogodako kunamvekanso, ndipo apa anazindikira kuti sikukuchokera pa chitseko. Kunkachokera pansi, ku khoma. Mwala unkagunda mwala unzake. Kenaka zii. Kenaka mwala wina.

Anaganiza za akuba miyala, poti ameneyo ndi katundu kumtunda kuno. Mkwiyo unamudzutsa pamene mantha akanamugoneka. Anatenga kandulo ndi chitsulo chokumbira, natuluka.

Panali nkhalamba. Inali itanjuta m'munsi mwa khoma, yaing'ono thupi, chipewa cha kumapiri kumutu, nkhwayira za tayala kumapazi. Inkagwira miyala umodziumodzi, kuisisita, kuitembenuza pang'ono, monga munthu wofuna mbuzi zake m'khola la eni. Chifunga chinkadontha pa mphasa, pa tsitsi la Teodosia, pa chilichonse. Koma bulangeti la nkhalambayo linali louma, lodzaza fumbi.

"Agogo, mukufuna chiyani pa khoma langa?"

Nkhalambayo sinatembenuke. Inayankha m'chinenero cha kumapiri, chimene Teodosia anali asanachimve chiyambire kumwalira kwa mayi ake.

"Khoma ndi lako, mwana wanga. Miyala ndi yanga."

Teodosia anati miyalayo anaipeza pa malo ake, malo anamupatsa ndi a komiti, ndipo ngati pali mlandu abwere kukacha. Nkhalambayo inagwedeza mutu pang'onopang'ono. Inati iyo inafika kuno kulibe basi, kulibe masitepe, kulibe ndi galu yemwe. Inabwera kudzafuna mankhwala mumzinda, mankhwalawo osawapeza. Ana ake analibe cholipira kumanda a boma, ndiye anainyamula usiku, naisiya pano, nasanja miyala pamwamba kuti mphepo isaivundukule. Anaiuza kuti kuno n'kutali kwambiri, palibe adzafike kudzaisokoneza.

"Tsono mwafika," inatero. "Ndipo bedi lako waliika pamene ndimagona."

Teodosia anatsitsa kandulo. Anayang'ana mapazi a nkhalambayo. Mchenga wonyowa unali ndi mapazi ake iye mwini, ndi a agalu, koma pamene panadutsa mlendoyo panalibe chizindikiro. Mantha anafika ndithu. Koma anapeza thupi lodzaza kale ndi kutopa, anasowa pokhala.

"Ndiye ndipite kuti, agogo? Ndiuzeni. Kumunsi kwadzaza. Kumtunda kulibenso phiri. Ndili ndi mwana akugona pansi pa tebulo."

"Lamulo lanu ndimalimva usiku uliwonse wezulo akamalira. Malo ndi a wogonapo. Ine sindinajombepo."

Kumunsi kwenikweni magetsi a mzinda ankaoneka mbuu m'chifunga. Teodosia anaganiza zokuwa, koma akuwire ndani? Anaganiza zothawa, nakumbukira masitepe aja, ndi alonda amene akanapeza nyumba yopanda munthu. Anaganizanso kuti posachedwa ayenera kudzuka kukathamangira basi yoyamba. Chimene ananena sanachikonze, chinangotuluka.

"Lowani, kunja kuno kukuzizira. Malo alipo a tonse. Koma chonde musandidzutse, ndimanyamuka kusanache."

Anathira tiyi wotsala m'kapu, naika pansi. Anagona moyang'ana mphasa, nadzifunditsa mpaka kumutu. Sanamve chitseko chikutsekeka, sanamve mapazi. Anangomva fungo la dothi louma likudzaza m'nyumba, ndi kuzizira kumsana, ngati wina waika mwala pafupi ndi iye. Anapemphera theka la pemphero. Theka linalo linamezedwa ndi tulo.

M'mawa m'nyumba munalibe munthu. Kapu inali youma, pansi pake pali fumbi.

Anamuuza Brígida monong'ona, akuyembekeza kusekedwa. Brígida sanaseke. Anayang'ana uku ndi uku, nati milu ngati imeneyo inalipo yambiri pamwamba pano. Usiku wolowa paphiri uja, amuna ena anatsogola kukazula timitanda tamatabwa kuti anthu asabwerere ndi mantha. Ambiri ankadziwa, ndipo miyalayo anamangira.

"Ndiye bwanji simunandiuze, aneba?"

"Mukanatani? Mukanabwerera? Taonani, ingokhalani naye bwino. Komiti isamve."

Anakhala nayedi. Sankamuona kawirikawiri. Ankangosiya kapu ya tiyi madzulo, n'kuipeza youma m'mawa. Munthu amazolowera zambiri akasowa kolowera.

Kenaka mayi a bwana wake anadwala. Bwanayo, mkazi wolankhula mokoma, anati akufunika munthu wogona pafupi ndi wodwalayo, ndipo ngati Teodosia sangathe, pali mtsikana wina amene angathe ntchito zonse, ya usiku ndi ya masana yomwe. Teodosia anafotokoza za lamulo la kuphiri. Bwanayo anamvetsera mwachifundo, nafunsa ngati sangangokiya chitseko. Akiye chiyani, mphasa?

Popanda ntchito kunalibe matabwa, kunalibe madzi, kunalibe Nélida. Anavomera. Anagona pa mpando masabata angapo, kutembenuza mayi wa eni, kumupukuta, kumumwetsa, ndipo usiku uliwonse ankamva m'mutu mwake wezulo akulira pa khomo lopanda woyankha. Ankalira mwakachetechete m'bafa, mpope uli wotsegula.

Wodwalayo atapezako bwino, bwanayo anamumasula Lamulungu lina m'mawa. Anakwera masitepe ngati wopita ku maliro. Ankayembekeza kupeza mphasa zake zitaunjikidwa pambali pa njira, ana a eni akusewera pa khoma lake.

Nyumba inali chilili. Chitseko chinali chotseka monga anachisiyira.

Anthu anali pa ntchito ya Lamulungu, yokumba njira kuti galimoto ya madzi izifika pamwamba. Wapampando wa komiti, bambo Melquíades, munthu wa ndevu zaimvi ndi mawu a mkulu wa mpingo, anatsamira fosholo yake atamuona.

"Mayi Huarcaya, mwasowatu. Koma bambo anu aja, munthu wosunga mwambo. Anyamata akuti amayankha asanagogode n'komwe. Ena kuno mpaka kuwagwedezera nyumba."

Teodosia anatembenuka. Anayang'ana Brígida. Brígida anali atatanganidwa mwadzidzidzi ndi mwala wina.

Bambo Melquíades anapitiriza, maso ali pa fosholo. Anati nkhani yabwino ndi yakuti a boma avomera kudzayeza phirili, ndipo aliyense alembedwa pa malo ake mpaka kalekale. Anthu anali atadikira zimenezi ndi mtima wonse. Koma a boma amafunsa komiti kuti mwini wake ndani, ndipo komiti sinama.

"Lamulo mukulidziwa, mayi. Ife timatchula amene timamupeza. Inu masabata onsewa sitinakupezeni. Malo aja ndi a madala aja."

"Bambo, malo aja ndinasalaza ndine. Khoma ndinamanga ndi manja awa."

"Palibe akukana. Koma ogonapo ndi iwo. Auzeni abwere ku msonkhano, adzatchule dzina lawo. Ngati akufuna kukusiyirani inu, adzanene okha pamaso pa anthu. Ngati safuna, basi, muzikhala nawo mwa chifundo chawo. Ndi bambo anu, sangakuthamangitseni."

Ena paphiripo amanong'ona kuti bambo Melquíades sankadziwa kanthu, ankangotsata lamulo monga munthu woongoka. Ena amati ankadziwa bwino lomwe, poti anali m'gulu la ozula mitanda, ndipo alonda atamuuza za mawu a m'nyumba ija anasiya kudutsa njira ya pamwamba ngakhale masana. Amati sanafune kukhala iye wolanda nkhalamba ija malo kachiwiri. Amene amanena zimenezi amatsitsa mawu, chifukwa nawonso makoma awo anamangira miyala yomweyo.

Teodosia sanatsutsane naye. Analibe mphamvu. Anagwira nawo ntchito yokumba mpaka madzulo, poti kujomba kumeneko nakonso kuli ndi chilango chake. Dzuwa litapendeka anakwera kamtunda kotsala, chifunga chikuyamba kutsika. Ankaganiza za Nélida, ndi zimene akamuuze akadzafunsanso za matabwa.

Anafika pa chitseko chake, chimene anachinyamula yekha pamsana kuchokera kumunsi. Anatambasula dzanja kuti akankhe. Dzanjalo linaima m'malere. Anaimirira pamenepo nthawi ndithu.

Kenaka anagogoda.

M'katimo wina anatsokomola, nati, "Ndilipo."