Kawotchi m'Bulangete

"Khutu langali," anatero Malume akumasula zingwe za maikolofoni, "lamva nyimbo za m'mayiko amene inu simungathe n'kuwatchula komwe. Ndinayamba ndi kunyamula masipika a eni, lero makinawa ndi angaanga. Nyerere ikayetsemula kuseri kwa khoma, ine ndimati pepani!"

Onse anaseka, kupatula Mzime.

Tsiku limenelo mkulu wake ankajambula chimbale chake choyamba. Anaphunzira kuimba zaka zambiri kusukulu ya nyimbo, ndipo nyimbo zake ankapeka yekha: zofewa, zoyandama ngati nkhungu ya m'mamawa, zoti ukamamva umaiwala kuphethira. Malume anabwera kwa tsiku limodzi lokha, mawa lake ankakwera ndege. Anapachika mabulangete m'makoma a chipinda chogona, n'kuzimitsa furiji ndi fani kuti pasamveke kanthu kena koma mawu.

Mzime ankadana nako kukhala chete kumeneku. Anakulira m'nyumba ya "Tseka pakamwa, achemwali ako akuyeserera." Chaka chapitacho, pochokera kusukulu, anapeza khola la nkhunda zake lili pululu. Mkulu wakeyo anazipereka kwa anthu chifukwa zinkalira pawindo pake. Ngakhale pepani sanamunene.

"Lero mulira ngati nkhunda zangazo," analumbira chamumtima.

Anthu atapita kukadya masana, kutatsala nyimbo imodzi yomaliza, Mzime analowa m'chipindamo ndi singano. Anasokerera kawotchi kake kapamkono mumpendero wa bulangete la kuseri kwa maikolofoni.

Nyimbo yomalizayo inali yotsitsa mawu kuposa zonse. Woimbayo atangoyamba, Malume anavula mahedifoni.

"Ima! Kanthu kakugogoda."

"Ine sindikumva kanthu, Malume," anatero woimbayo.

"Iwe ndiwe pakhosi, makutu ndine. Yambanso."

Anayambanso. Anakamanga mpopi wakubafa, anayambanso. Anachotsa mabatire m'wotchi ya pabalaza, anayambanso. Mzime anakhala pakhomo atapinda manja, mtima uli mbee. Dzuwa likupendeka, mawu a mkulu wake anayamba kusasa. Pokwera pamwamba anathyoka ngati kamtengo kouma. Woimbayo anakhala pabedi, anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka.

Malume anatsinzina. Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma, khutu patsogolo ngati galu wosaka. Anaima, anapapasa mpendero, n'kung'amba ulusi ndi mano. Kawotchi kanagwera m'dzanja lawo.

"Ndamva zinthu ziwiri," anatero osatembenuka. "Kawotchi aka, ndi munthu amene wasiya kupuma ine nditagwira bulangete."

Mzime anaimirira, maso ali gwa. "Eya, ndine! Nkhunda zanga zili kuti, achemwali? Inuyo mukaimba dziko lonse lizikhala chete, ife tilibe pakamwa?"

Mkulu wake anamuyang'ana. Anafuna kuyankha, koma pakhosi panangotuluka mpweya.

"Mwanawe," anatero Malume, "nyimbo yomwe waiphayi unaimvetsera mawu ake?"

"Ndimvetsere chifukwa chiyani?"

Anamuveka mahedifoni. Pamwamba pa kugogoda kwa kawotchi, mawu oonda ngati ulusi ankaimba za khola lopanda kanthu, za mtsikana woima ndi chimanga m'manja, ndi za munthu wouma pakamwa amene ankaonera pawindo, pepani atamukanirira pakhosi. Nyimboyo inathera panjira, pomwe mawu anathyokera.

Mzime anavula mahedifoni. "Malume, sitingajambulenso mawa?"

"Mawa ndili m'mitambo, mwanawe. Ndege sidikira pakhosi pa munthu."

Chimbale chinatuluka chopanda nyimbo imeneyo. Anthu anachitama, ankati mawu ake ngochokera kumwamba. Mzime yekha ndi amene ankadziwa pomwe panali dzenje, ndipo chikafika kumapeto ankatuluka panja.

Loweruka lina Mzime ali kuseri kwa nyumba, mkulu wake anabwera ndi dengu lovindikira n'kuliika pamapazi pake.

"Zinali zinayi," anatero. "Werenga."

Mzime anasuzumira. Nkhunda zinayi ndithu, ndipo zinayamba kulira nthawi yomweyo, phokoso lake losachita manyazi. Anazisiya zilire kanthawi. Kenako anavula juzi yake n'kufunditsa dengulo mpaka zinati zii.

"Achemwali," anatero atayang'ana pansi, "nyimbo ija imathera pati?"