Maluwa a Kadontho

Kunyumba ankamutchula Kadontho. Misozi yake sinkachedwa kugwa.

Kadontho ankawasowa amayi ake. Amayi ankagwira ntchito kutali. Ankaphika m'sitima, panyanja yaikulu. Miyezi inkangopita, iwo osabwera.

Panjira ya kusukulu panali mlatho. Pansi pa mlatho pankadutsa mtsinje. M'mawa uliwonse Kadontho ankathyola duwa. Ankaliponya m'madzi.

"Pita kwa amayi," ankatero.

Tsiku lina achimwene ake anamuona. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Iwe, anakuuza ndani kuti mtsinjewu umapita kwa amayi?"

"Madzi onse amapita kunyanja," anayankha Kadontho.

"Nyanja ilipo imodzi ngati? Maluwa akowo akudya ndi achule!"

Mtima wa Kadontho unawawa. Anafunsa abambo. Abambo anali atatopa. "Sindikudziwa, mwanangu," anatero.

Anafunsa aphunzitsi. "Pita kulaibulale," anatero aphunzitsi. "Kumeneko kuli mapu."

M'laibulale munali mdima. Munkanunkha fumbi. Denga linkadontha m'ndowa. Tho! Tho! Tho!

Abambo osunga mabuku anatsitsa mapu. Oyamba anali a misewu. Achiwiri anali odyedwa ndi njenjete. Achitatu anali a mitsinje ndi nyanja.

"Mlatho wanu ndi uwu," anatero abambowo. "Ika chala apa. Tsatira kumene madzi akupita."

Chala chinatsatira mzere wabuluu. Mzere unatsika. Unakhota. Unatsikabe. Unakathera m'kanyanja kakang'ono.

"Amayi ali pano?" anafunsa Kadontho.

"Ayi, mwana wanga. Nyanja ya sitima ndi iyi, kumtunda kuno."

Achimwene sananame. Maluwa onse aja anasochera. Ngakhale limodzi silinafike.

Msozi unagwera pa mapu. Tho! Unagwera pa mlatho penipeni.

Kadontho anaupukuta ndi chala. Anapukutira chakumtunda. Kumtundako mzere wabuluu unalikonso! Chala chinakwera. Chinakhota. Chinakwerabe. Chinakafika panyanja ya amayi.

Kadontho anapukuta m'maso.

"Abambo, nanga madziwa amachokera kuti?"

Abambowo anakonza magalasi awo. Anayang'anitsitsa.

"Amachokera m'nyanja yomweyo," anatero.

"Kwa amayi?"

"Kwa amayi ako."

Madzulo amayi anaimba foni. Kadontho anawauza zonse. Anawauza za maluwa. Anawauza za achule. Anawauza za mzere wabuluu.

Amayi anamveka akumina.

"Wandiponyera maluwa ambiri, mwanangu," anatero. "Kuyambira mawa woponya ndine."

M'mawa kunali mitambo. Kadontho anapita kumlatho. Abambo ake ndi achimwene anamuperekeza. Anadikira. Kunadutsa tsamba. Kunadutsa kamtengo. Duwa silinadutse.

"Ndi kutali," anatero abambo. "Likadali m'njira."

Kadontho anagwira dzanja la abambo. Anatsikira kumadzi. Anaviika chala chake. Madzi anali ozizira.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anatero.

Achimwene sanaseke. Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anagwada pambali pake. Nawonso anaviika chala.